Mwezi wa Che Saidi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anafika ndi telesikopu kwathu ku Nkhulambe, ataimanga pa kaliyala wa njinga ngati mtolo wa nzimbe. Iwo anali mphunzitsi wa pulayimale, munthu wokonda kuyang'ana kumwamba, ndipo anaigula yakalekale kwa mnzawo wa ku Limbe. Inali chipaipi choyera chokandikakandika, choima pa miyendo itatu. Ukasuzumiramo, mwezi unkabwera pafupi mpaka kuona maenje ake. Vuto linali limodzi: inabwera yopanda cholozera, kachipangizo kamene amamangirira pamwamba pake kuti udziwe kumene yaloza. Telesikopu imaonetsa kachigawo kochepa zedi ka thambo. Popanda cholozera ukhoza kusakasaka mpaka khosi kuuma, chinthucho chili pompo.

Loweruka lina bambo anaika zinthu ziwiri pamkeka. China chinali pampu yakale ya njinga imene anaichotsa zam'kati, n'kupingasa ulusi uwiri kumapeto kwake. Chinacho chinali theka la magalasi aja oonera patali, lakuda, lonyezimira, limene analitola kumsika.

"Sankha, Esinati," anatero. "Wolozera ukhala iweyo."

Aa, panalinso chosankha? Ine, mwana wa aphunzitsi, anzanga adzandione ndikusuzumira mu pampu ya njinga? Ndinatola galasi lija msangamsanga.

"Limenelo limakuza, koma limachepetsa thambo," bambo anandichenjeza. "Komanso n'lolemera. Likangopendekeka pang'ono, likunamiza. Tsono uziliyesa masana, kukuoneka. Loza telesikopu pa mtengo wakutali, kenako uone ngati cholozera chikuona mtengo womwewo."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Ndinali mwana wamakani, wokhoza m'kalasi, ndipo ndinkayesa kuti zimenezo n'zokwanira. Tinalimanga ndi malegeni, tinaliyesa pa mtengo wa mbawa wa kutsidya kwa dambo, ndipo tsiku limenelo zinagwirizana bwinobwino.

Pamsika wathu panali telala wachikulire, Che Saidi, Msilamu, amene ankandisokera yunifomu. Kuyambira ali mnyamata, iwo ndi amene ankayamba kuona mwezi watsopano wotsekera nyengo yawo yosala kudya. Koma ng'ala inali itayamba kuphimba maso awo, moti singano ankawalowetsera ulusi ndi mdzukulu wawo. Tsiku lina anasuzumira mu telesikopu yathu mwezi uli wathunthu, ndipo anaseka ngati mwana. Kusala kuli pafupi kutha, anabwera kunyumba, nakhala pampando, kapu yawo ili pabondo.

"Aphunzitsi, zaka zitatu tsopano ndimangomva anthu akukuwa kuti waoneka. Ndikufuna ndiuonenso ndi diso langali, lisanatsekeke."

Bambo analonjeza. Koma tsikulo litafika, kunagwa maliro ku Chiwalo ndipo anapita kukagona komweko. Pokwera njinga anandiuza kawiri konse kuti ndiyese cholozera dzuwa likadalipo. Masana mayi anandikumbutsanso. Ine ndinali pa fulaye ndi anzanga, ndinangoyankha kuti, "Tinayesa kale, amayi." Sindinaganize kuti telesikopu ija inali itanyamulidwa kupita kusukulu n'kubwerako, ndiponso kuti malegeni amafewa kukatentha.

Madzulo tinaimika chipangizocho pabwalo la mpira. Panabwera amuna angapo a kumzikiti, atavala mikanjo yoyera, ndi ana ambirimbiri. Ndinadikira kuti dzuwa libisike lonse kuseri kwa phiri, pakuti bambo ankati kuliona mu galasi n'kudziwotcha diso. Kwathu kuja phiri lili kumadzulo, choncho mwezi watsopano sukhalitsa. Umangoonekera pang'ono, phiri n'kuumeza.

"Uwo! Uwo!" anakuwa mnyamata wina.

Unali woonda ngati chikhadabo chowengedwa. Ndinausaka mu galasi langa lija, koma linkangondionetsa kathambo kochepa, kogwederagwedera. Ndikakweza, mbuu. Ndikatsitsa, mitengo ya m'phiri. Thukuta linali kamukamu. Che Saidi anaima pambali panga atatsamira ndodo. Pamene ndinaupeza n'kuuika pakati, nsonga yake inali itatsala pang'ono kukhudza phiri. Sindinasuzumire n'komwe mu telesikopu mwenimwenimo.

"Bwerani, agogo, fulumirani!"

Anawerama, naika diso. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anaweramuka pang'onopang'ono, nandigwira paphewa.

"Ndauona, mwanangu. Zikomo."

Anthu anaomba m'manja, ine mtima unakhala pansi. Nditasuzumiramo sindinaone kanthu, koma ndinadziuza kuti mwezi walowa kale.

Bambo atabwera m'mawa mwake, sanavule n'komwe nsapato. Analozetsa cholozera pa mtengo wa mbawa uja, n'kundiuza kuti ndiyang'ane mu telesikopu. Munali thambo lokhalokha. Mtengo unali kutali, m'munsi, kumanzere.

"Che Saidi akuti bwanji?" anafunsa.

"Akuti anauona."

Bambo anangoyang'ana pansi. Sanandimenye, sanandikalipire. Kalanga ine, bola akanandikwapula! Ndinalira mpaka maso kutupa, kenako ndinapita ndekha kwa Che Saidi. Linali tsiku lawo la chikondwerero, pakhomo pali fungo la mpunga ndi nyama. Ndinagwada n'kuwauza zonse.

"Ndinadziwa," anatero. "Ndinangoona mbuu. Koma ndinkamva mmene unkapumira, ndipo pabwalo panali anthu. Ndikanakuchititsa manyazi chifukwa chiyani? Dzuka, udye. Chaka chamawa tidzayesanso."

Sabata yomweyo ndinamasula galasi lija n'kumangapo pampu ya njinga. Inali yonyansa, koma inali yopepuka, yosapendekeka, ndipo ndinkatha kuloza maso onse awiri ali otsekula. Ndinkaiyesa masana aliwonse amene tinkafuna kutulutsa telesikopu.

Chaka chotsatira ndinaupeza mwezi uja nthawi yomweyo, uli pakati penipeni, wowala bwino. Koma Che Saidi anabwera atagwiridwa dzanja ndi mdzukulu wawo. Maso onse awiri anali atayera. Sanawerame n'komwe. Anangofufuza mkono wanga, naugwira.

"Tandiuza, Esinati. Nyanga zake zaloza kuti?"

Ndinawauza kumene zinaloza.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndimamvetsa zimene sindinkazimvetsa. Ndinasankha cholozera poganizira mmene anthu adzandionere ineyo, osati zimene nkhalamba ija inkafunika kuona. Ndiponso chinthu chimene munthu wina akudalira umachiyesa nthawi ikadalipo, iye asanaime pambali pako kudikira. Che Saidi anandikhululukira tsiku lomwelo ndi mtima wonse. Koma chikhululukiro chawo sichinabweze madzulo aja. Diso lawo linali litatsala ndi mwezi umodzi wokha, ndipo ine ndinawaonetsa thambo lopanda kanthu.