Tsiku Lomwe Ndinavula Paipi

Ndikukumbukira, ee ndikukumbukira, ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Kasanda m'nyumba ya mgodi. Atate anachokera ku Chipata kudzakumba mtovu. Kuseli kwa nyumba kunali dilamu logoneka pa njerwa, pansi pake moto, pamwamba pake paipi yotengera madzi otentha kubafa. Tinkaitcha boyila.

Boyilayo sinali ya matama ayi. Atate akaweruka m'mawa ankabwera ali mbuu ndi fumbi la mgodi, ndipo lamulo lawo linali limodzi: sanyamula mwana asanasambe. Mlongo wanga Paulo anali wakhanda. Akangomva belu la njinga, timanja m'mwamba!

Juni akafika, Atate ankakulunga paipi ija ndi masaka. "Velonika, moto ndi wako, masaka ndi ako. Paipi nayo imamva mphepo."

Ine kuseka chamumtima. Chitsulo kumva mphepo?

Masana a Juni amanyenga, kadzuwa kofunda ngati chisanu kulibe. Tsiku lina tikusewera masanje, anzanga onse ana awo achitsononkho ali kumsana, ine ndekha wopanda mbereko. Ndinapita kuseli, saka lija kumasula, mwana wanga kubereka. Ndinavina, amayi inu, ndinavina! Kubwezera ndiye ndinaiwala.

M'mawa mwake udzu unali woyera ngati wina wawazapo mchere. Ndinakoleza moto, ndinatsegula mpope wakubafa. Zii. Ndinagwira paipi pamene ndinaivula paja, zala kumata. Madzi aundana m'kati! Mantha anandipatsa nzeru yopusa. Ndinatenga ketulo yowira ya Amayi n'kukhuthulira pomwepo. Paipi inangoti thee pa mfundo, madzi a m'dilamu onse waaa, mpaka moto kuzima.

Ndiye ngiringiri, belu la njinga.

Atate anayang'ana matope, anayang'ana saka lili pa chitsononkho, anayang'ana ine. Paulo ali m'manja mwa Amayi akulirira kuti amunyamule.

"Mpatseni moni chabe, atate ake Velonika," anatero Amayi. "Madzi ndiwiritsa."

"Ndi ketulo imodzi? Mwana alire mpaka liti? Iwe Velonika, tunga ndowa pa mpope wa panja."

Anasamba madzi amenewo. Ine ndili kuseli kwa chitseko ndikumva mano awo gwedegwede, mpweya ukuduka, kenako chifuwa chawo cha fumbi la kumgodi. Anatuluka milomo ili bii, ananyamula Paulo n'kumuseketsa. Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinalumbira pa korona wanga kuti Atate sadzasambanso ozizira chifukwa cha ine. Iwo anakonza mfundo ija madzulo, koma zovala za paipi ndinati ndi zanga. Ndinayenda mpaka kumsika kupempha masaka ong'ambika kwa ogulitsa makala.

"Ukasokera ndani diresi, kamtsikana iwe?"

"Paipi!"

Anaseka mpaka kugwirana mapewa, koma anandipatsa atatu. Ndinamweta udzu wouma, wokonza njinga anandidulira malegeni pa chubu chakale. Udzu pansi, saka pamwamba, malegeni ndi! ndi! ndi! kuyambira pa dilamu mpaka pa khoma. Zala zinatupa, sindinaleke. M'mawa uliwonse ndinkayendera paipi ndi dzanja ngati mayi wofufuza malungo pa mwana. Chisanu chinabweranso kawiri chaka chimenecho, madzi anatuluka ndithu, nthunzi tolotolo.

Lero ndili ku Nakoli, Atate anagona kalekale, mgodi unatsekedwa, boyila ndilibe. Koma Juni akangosuzumira, kapaipi kanga ka panja ndimakaveka. Adzukulu amaimirira n'kumajambula ndi mafoni.

"Ambuya, mwaiveka juzi paipi! Chisote chili kuti?"

Sekani, ana anga, sekani, nanenso ndinaseka. Ndinadziwa mochedwa kuti saka lija silinkafunditsa chitsulo. Linkafunditsa msana wa Atate.