Makina Amene Ankavina Akachapa Bulangete

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amama anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha makina ochapira. Ankachapa panyumba ina yogona alendo ku Chitimba, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita komweko kukawadikira. Ndinali mwana wamanyazi. Munthu akandifunsa dzina ndinkayang'ana zala zakumapazi. Zimene pakamwa pankalephera kunena ndinkazilemba m'kope langa, ngakhale zopanda pake: amene wandilanda pensulo, ndiwo zimene tadya, zimene amama achapa tsikulo.

Makinawo anali akale, ndipo ankakhala m'kachipinda konunkha sopo ndi chinyezi. Chaka chimenecho anayamba kuvuta. Ikafika nthawi yofinya madzi ankagunda, gu gu gu, n'kumasuntha pasimenti mpaka paipi yakumbuyo kukokeka. Alendo anadandaula. Tsiku lina a Msiska, amene ankayang'anira malowo, anaima pakhomo.

"NyaGondwe, makina awa akhala zaka osachita zimenezi. Mukuwadzaza kwambiri. Makaniko abwera Loweruka kuchokera ku Mzuzu. Akapeza kuti mwawononga ndinu, tifuna munthu wina."

"Yewo, bwana," anatero amama, maso ali pansi.

Kuyambira pamenepo anayamba kuwasamala makinawo ngati nkhalamba. Ankati nkhalamba sitiisenzetsa mtolo. Ankaikamo bulangete limodzi lokha, zina zonse n'kumachapa pamanja mpaka zala kung'ambika ndi sopo. Koma makinawo m'malo mothokoza anawonjeza ukali.

Lachitatu ndinakhala pachidebe chovundikira n'kuyamba kuwerenga kope langa chobwerera m'mbuyo. Masiku onse amene ndinalemba kuti "makina avina" anali masiku a bulangete. Tsiku limene kunadzaza alendo otsika kuchokera ku Livingstonia, amama ataikamo nsalu zapabedi ndi matawulo ambiri, ndinali nditalemba kuti "lero kuli zii." Ndinagwada n'kusuzumira pagalasi la chitseko. Bulangete lonyowa linali litaunjikana mbali imodzi ngati chibuma, ndipo likazungulira linkakoka mgolo wonse wam'kati. Ndinakumbukira amalume akupakira usipa m'bwato, mmene ankakalipira aliyense woika madengu mbali imodzi. Makina ataima ndinakanikiza pakona. Anagwedera ngati tebulo lopunduka. Mphira wa kamwendo kamodzi kakutsogolo unali utatha.

Ndinawauza amama tikukwera kamtunda kopita kwathu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Temwa, a Msiska anena kuti ndichepetse. Ukufuna andipeze ndikuwonjezera? Atithamangitsa Loweruka lisanafike."

Ndinazindikira kuti amama sadzayesa popanda chilolezo, ndiponso kuti iwo sangakapemphe. Lachinayi ndinafika pakhomo la ofesi, ndinaona nsapato za a Msiska, n'kubwerera. M'kope ndinalemba mawu atatu okha: "Mawa ndikanena ndithu."

Lachisanu ndinalowa mu ofesimo. Ndinagwada, n'kutambasula kope lotsegula.

"Kodi mwana wa NyaGondwe amayankhula?" anaseka a Msiska. "Ine ndimayesa ndi chithunzi chimene amayenda nacho."

"Bwana, makina safuna zochepa. Akufuna zolingana mbali zonse. Ndikupempha tiyese kamodzi."

Mawu anga anatuluka aang'ono chomene, koma anatuluka. A Msiska anawerenga masamba awiri. Ndinachita manyazi pokumbukira kuti pomwepo panalembedwanso za mnyamata amene ananditcha kadzidzi. Sananene kanthu za iye. Anangoimirira.

"Tiye. Koma akaphulika, ukachapa ndiwe mabulangete onse kunyanja."

Amama anadula patapata wakale ndi mpeni, ine n'kulowetsa kachidutswako pansi pa kamwendo kaja mpaka kugwedera kutatha. Tinaika mabulangete awiri, lina uku lina uko, ndi matawulo pakati. Amama anatseka chitseko n'kuyatsa makina. Tinadikira nthawi yaitali, madzi akulowa ndi kutuluka. Itafika nthawi yofinya, a Msiska anatenga kapu ya madzi n'kuiika pamwamba pa makina. Mgolo unayamba kuthamanga. Madzi m'kapumo ananjenjemera pang'ono, koma sanatayike ngakhale dontho.

"NyaGondwe," anatero a Msiska akutuluka, "Lolemba mulawirire. Kukubwera alendo ambiri."

Makaniko anabwerabe Loweruka. Anapeza kuti zitsulo zogwiriza mgolo zinali zitatopa ndi ukalamba, ndiye chifukwa chake makinawo sankathanso kupirira katundu wopendekera. Anazisintha. Patapata anamuyang'ana, n'kumusiya pomwepo.

Amama anagwira ntchito pamalopo mpaka ine kumaliza sekondale. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chimene chinatipulumutsa chinali kupenyetsetsa kwanga. Tsopano ndikuona kuti zonse ndinali nditazidziwa kale Lachitatu, ndipo Lachinayi amama anachapabe pamanja, zala zikutuluka magazi, chifukwa ine ndinabwerera pakhomo. Manyazi sanandichoke mpaka lero. Pamsonkhano wa kuntchito mtima umagundabe ndikafuna kukweza dzanja. Koma ndikadziwa chinthu chimene chingamuchotsere wina mavuto, ndimadzifunsa kuti ndani akulipira kukhala chete kwanga, kenako ndimaimirira.