Chilimwe Chimene Amalume Ankawotcherera Maminibasi

Ndimakumbukira chigoba cha amalume chotchingira maso powotcherera zitsulo, chakuda, galasi lake long'aluka pakona. Chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 4, chigobacho chinakhala pamsomali pakhonde pathu ku Mpingwe mpaka akangaude anamangamo.

Amalume anali atachotsedwa ntchito pakampani ina ku Limbe. Kumeneko, ankatero, kunali makina a waya ndi gasi, olumikiza malata opyapyala ngati telala akusoka. Kunalinso ena a kansonga kakang'ono, ochedwa koma aukhondo, a zitsulo zonyezimira. Kunyumba anali ndi makina a rodi basi, owotcherera ndi kandodo kachitsulo, odzipangira okha m'bokosi la matabwa, amene akayatsidwa mababu a nyumba yonse ankaphethira. "Rodi ndi ya mageti," ankatero. "Pa lata imangoboola." Tsoka lake, ntchito imene inkabwera inali ya malata yokhayokha, yomata pansi pa maminibasi podyeka ndi dzimbiri.

Ndiye ankachita kudontheza: kugunda pang'ono, kuchotsa, kugundanso lata lisanapse. Chigoba chija chinkawabisira pogunda, n'chifukwa chake anachisiya, n'kumangotsinzina moto ukathetheka. Lero ndimati kunali kudzipha, koma akanasiya tikanadya chiyani?

Fungo la penti wopserera ndimalimvabe m'mphuno. M'mawa ankadzuka maso ali psuu, akuti muli mchenga. Amayi ankawaika timapisi ta mbatatesi yaiwisi pazikope uku akukalipa: "Achimwene, maso sagulitsa mumsika wa Limbe!" Iwo ankangoseka.

Mu Novembala anayamba kundiitana ndikaweruka kusukulu. "Mphwanga, taona apa. Pagwirana?" Mabowo ndinkawaona ndithu, ena olowa chala changa. Koma aphunzitsi ankati mwana waulemu satsutsa wamkulu, ndipo ine paulemu ndinali katswiri. "Pagwirana, amalume." Iwo ankagwedeza mutu n'kuzimitsa makina.

Tsiku lina dalaivala wina anabweza minibasi yake akulalata, msewu wonse ukumva. Lata linali litaphotchoka pakati pa ulendo, mayi wina n'kuchekeka mwendo. Nkhani sichedwa kudepoti. Pamene mvula yoyamba inkagwa, pabwalo pathu panalibenso galimoto, ndipo amalume ankangokhala pamthunzi, nkhope italoza kukhoma.

Sanandikalipirepo, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero. Nthawi imeneyo ndinkayesa amandiitana kuti ndiwayamikire. Sindinkadziwa kuti mabowowo iwo sankawaonanso, ndipo ankakhulupirira zimene ine ndawauza.