Tinawalira Achimwene Akupuma

Achimwene anga, achisamba m'banja mwathu, anakhala ku Joni zaka zambiri, ndipo ndi komweko kumene mtima wawo unafooka, madokotala n'kuwaika kapampu m'chifuwa. Chaka chimene tinkamanga chiliza cha amayi ku Mitundu anabwera ndi akazi awo, nadzanditenga pa galimoto ku Nathenje kumene ndimaphunzitsa.

Ine funso silindigonera m'kamwa. Titaima kuti tigule zakumwa ndinawafunsa za kachikwama kakuda kamene sankakavula. Anati muli mabatire, ndipo chingwe chake chimalowa pamimba. Mtima sanauchotse, umagundabe, koma mbali yake yakumanzere inatopa. Pampuyo imakoka magazi kumeneko n'kumawakankhira m'thupi mosalekeza, ngati madzi a pampopi. Mbali yakumanja imagwirabe ntchito yokha, ndiyo imatumiza magazi oti pampu ikoke. Akapanda kumwa madzi okwanira magazi amachepa, pampu imasowa chokoka, iwo n'kuchita chizungulire.

"Tagwira apa, mlongo," anatero akunditambasulira mkono. Ndinafufuza paliponse, kugunda osakumva. Anandiseka kwambiri.

Anandiuzanso kuti atopa kukhala mlendo m'dziko la eni. Ankafuna kubwerera kumudzi, amange nyumba pabwinja la amayi, aikepo sola yotchajira mabatire. Ndinasangalala mpaka ndinaomba m'manja.

Tsiku la chiliza kunatentha koopsa, dzuwa la Okutobala lija. Achimwene anakhala kumanda ndi amuna anzawo kuyambira m'mawa. Botolo lawo la madzi analisiya m'galimoto, poopa kuti anthu angati akudzimva, akumwa okha madzi ogula pamaso pa akuluakulu.

Ine ndi alamu tinali kumjigo pamene tinamva azimayi akulira maliro. Tinataya ndowa pomwepo. Tinapeza achimwene atakomoka kumanda kuja, atawanyamula kale, atawagoneka pamphasa m'nyumba ya achemwali anga, atawafunditsa chitenje mpaka kumaso. Amalume ndiwo anagwira pamkono ndi pakhosi, nalengeza kuti kwatha. Kachikwama kankalira, anthu n'kumati ndi foni.

Pamenepo sindiwadzudzula, nanenso ndikanapanda kuuzidwa ndikanalira nawo. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi china. Msuweni wathu anali atagwada, akulimbana ndi zipi ya chikwamacho poganiza kuti muli ma randi, chingwe chija chikukokeka. Achemwali, a bere limodzi ndi ife, ankanena mokweza kuti mkaziyo asakhudze kanthu, katundu yense ndi wa kuno. Abale anga enieni amenewo, munthu asanazizire n'komwe.

Alamu anathamangira pamphasa paja. Anamukankha msuweni uja, anavundukula chitenje, nakweza miyendo ya amuna awo pampando. Ine ndiye ndinatukwana. Ndine mayi wa mvano, koma mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga tsiku limenelo sangalembedwe. Kenako ndinaika khutu pachifuwa pawo, ndipo ndinamva pampu ikulira pansipansi ngati firiji. Posapita nthawi anatsegula maso, alamu n'kumawamwetsa madzi pang'onopang'ono.

Ena anathawira panja, ena anayamba nyimbo yoyamika Mulungu. Achimwene anakhala tsonga, anapapasa m'matumba mwawo, nayang'ana amalume.

"Amalume, makiyi a galimoto."

Sanakweze mawu. Amalume, mkulu wa mpingo wa imvi zake, anapisa m'thumba la buluku lawo, natulutsa makiyi aja tonse tikuona. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe.

Pobwerera alamu ndiwo anayendetsa. Tili m'njira achimwene ananena kuti atangogonekedwa pamphasa paja nzeru zinayamba kubwerera, mphamvu yolankhula yokha ndiyo inalibe. Anamva zonse, ndipo aliyense anamuzindikira mawu. Titafika ku Nathenje ndinatsika osatha kuwayang'ana alamu kumaso. Ndinangoti ayende bwino.

Achimwene ali moyo mpaka lero, pampu ikugwira, mtima nawo ukuyesetsa. Timalankhulana pafoni, amafunsa za ana anga ndi za mvula. Chaka chatha ndinalimba mtima n'kufunsa ngati ndiyambe kuwaumbitsira njerwa.

"Usavutike, mlongo," anatero. "Ndawauza alamu ako kuti tsiku langa likadzafika adzandiike konkuno. Kumudziko munandilira kale."