Mapazi Makumi Awiri ndi Atatu Kuchokera pa Muwanga

Ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi ku Vilankulo, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, pa nyumba ina yogona alendo. Ntchito yanga inali yosesa mchenga, ntchito yosatha, poti ukasesa kuno mphepo yabweza kale uko. Kumeneko ndi kumene ndinaona anthu akuluakulu, a imvi zawo, akugwada pansi pa mitengo ya kokonati n'kumapisa manja m'mphako, foni ili m'dzanja linalo.

Anali masewera. Munthu amabisa kabokosi penapake, n'kulemba pa intaneti manambala a malowo pamodzi ndi kandagi kolozera. Ena amatsata mapu a pa foni mpaka atakapeza. M'katimo simukhala cha nzeru, ndi kabuku kolembamo dzina, batani, mwina kachidole. Ukalemba dzina umabwezera pomwepo. Poyamba ndinkati ndi misala ya anthu okhuta. Koma mlendo wina atandiikira masewerawo pa foni yanga, misalayo inandigwira ine kuposa eni ake. Ndinapeza timabokosi khumi ndi kamodzi, kena pansi pa bwato lakufa, kena m'khoma la kuseri kwa msika wa nsomba, ndipo ndinkadzimva ngati katswiri.

Nditabwerera kwathu ku Tsangano ndinafotokozera bambo anga nkhaniyi kuti aseke. Tinali pakhonde tikusankha mbatatesi za mbewu. Iwo sanaseke. Anatembenuza mbatatesi imodzi m'manja nthawi yaitali, kenako anati, "Inenso ndili nako kabokosi kanga. Foni yakoyo ingakapeze?"

Apa ndibwerere m'mbuyo. Kwathu kwenikweni ndi ku Chidzolomondo. Tinathawa nkhondo ine ndili wa zaka zinayi, ndipo amayi anamwalira ku Malawi, ku msasa wa othawa kwawo, atangobereka mlongo wanga. Nkhope yawo sindiikumbukira. Mtendere utabwera bambo anakana kubwerera pa bwinja lathu, poti anthu ankati pali mabomba okwirira pansi, ndiye tinakhazikika ku Tsangano. Ine ndekha, nditakula, ofukula mabomba atadutsa kale, ndinapita kukatsegula munda wa fodya pa bwinjalo. Ndinalima zaka ziwiri, fodya anandikana, ndipo ndi mmene ndinathawira ku nyanja.

Tsiku lija pakhonde bambo anandiuza zomwe sanauzepo munthu. Tsiku lothawa anakwirira chitini cha mabisiketi, ndipo m'chitinimo munali chithunzi chimodzi chokha cha amayi, chimene anajambulitsa ku misoni. Malo ake ankawadziwa ngati pemphero. Uime pa muwanga wa mphanda ziwiri, msana ku mtengo, maso ku chulu, uyende mapazi makumi awiri ndi atatu.

Atangotchula muwangawo ndinauzindikira. Mtengo umenewo ndinaudula ine. Mphanda zake ziwirizo ndizo zinali nsanamira za chigafa changa cha fodya, ndipo chitsa ndinachitentha kuti mizere idutse bwino. Ndikanangonena pomwepo. Ndi mawu angati? Koma ndinachita manyazi, ine mwana wobwera kuchokera kutali ndi foni yaikulu ndi nkhani za azungu. Ndinangoti, "Está bem, chabwino Ababa, tikachipeza."

Ulendowo unatitengera masiku awiri. Tinakwera shapa, minibasi ya kwathuko, kenako ina, ndipo kuchokera ku Furancungo tinakwera njinga zamoto, bambo atakumbatira khasu lawo ngati mwana. Anavala jekete la ku tchalitchi. Njira yonse ankandifotokozera za amayi, kuti anali ndi mpata m'mano, kuti ankaimba molakwitsa koma mokweza, kuti sankalola munthu kugwira lichero lawo. Sindinawamvepo akulankhula chonchi, ndipo ndinkadziuza kuti tikafika ndiwauza.

Titafika anapeza chulu mosavuta. Anapezanso mafuwa a khitchini yakale mu udzu. Kenako anayamba kufuna mtengo. Anazungulira bwinja lonse, akuyang'ana kumwamba ngati kuti muwanga ungabisale pakati pa tchire lofika m'chiuno. Ine ndinatulutsa foni n'kumaikweza uku ndi uku. Foniyo inalibe n'komwe netiweki. Ndipo ikanakhala nayo, manambala a malowo analemba ndani? Ndinkangochita sewero kuti ndisawayang'ane m'maso, pamene mapazi angawa ankadziwa bwino lomwe pomwe panali chitsa. Kawiri konse ndinapondapo.

Anakumba maenje atatu mongolota. Dzuwa litapendeka anakhala pa fuwa, jekete lili fumbi lokhalokha.

"Mwanawe, mutu wanga wafa," anatero. "Zaka zonsezi ndimauona mtengo uja bwinobwino. Kapena unali wa ku Malawi? Kapena sindinakwirire n'komwe, ndinangolota?"

Ine ndinayankha kuti, "Zimachitika, Ababa. Ndi ukalamba."

Mawu amenewa amandiwawa kuposa kudula mtengo. Mtengo ndinadula mosadziwa. Koma apa ndinaima pamaso pa munthu amene ankakumbukira zonse molondola, n'kumuvomereza kuti wasokonezeka, kuti ine ndisaoneke wolakwa. Pobwerera sanatchulenso za amayi. Kunyumba anayamba kufunsa mlongo wanga tinthu tomwe ankatidziwa, tsiku la msika, dzina la mdzukulu, ngati munthu amene sakudzikhulupiriranso. Mlongo wanga ankati ndi matenda a okalamba. Ine ndinkadziwa pomwe zinayambira, koma ndinkati ndiwauza tikakolola, kenako ndinkati akachira chifuwa. Anamwalira mvula yotsatira isanathe.

Patatha mwezi ndinapita ndekha ku Chidzolomondo. Foni ndinaisiya m'thumba. Pomwe panali chitsa panali pataphukira timitengo ta muwanga kuchokera ku mizu, tofika m'mawondo, timene tsiku lija ndinatiponda dala. Ndinaima pamenepo, maso ku chulu, n'kuyenda mapazi makumi awiri ndi atatu, ofupikirako pang'ono poti bambo anali aafupi. Khasu linagunda chitini dzuwa lisanafike pamutu. Sindinatuluke n'thukuta lomwe. Bambo sanalakwitse ngakhale phazi limodzi.

Chitinicho chinali dzimbiri lokhalokha, koma m'kati anali atakulunga ndi pulasitiki ya feteleza katatu konse, n'kumanga ndi mphira. Chithunzi chinali chabwinobwino, changosanduka chikasu m'mbali. Ku Vilankulo ukapeza kabokosi umasangalala n'kulemba dzina lako. Ine ndinakhala pansi mu udzu n'kulira.

M'chithunzimo muli akazi awiri ataima pakhomo pa tchalitchi, amsinkhu umodzi, ovala nsalu zofanana, mwina pachibale pawo. Onse awiri atseka pakamwa, moti mpata wa m'mano sungaoneke. Kumbuyo kwa chithunzicho sikunalembedwe kanthu. Ndachionetsa kwa okalamba a ku Tsangano, koma iwo amayi sanawadziwe. A pa bwinja lathu anamwazikana, ena anatsala m'manda a ku Malawi. Mlongo wanga amati ndi wa kumanzere chifukwa cha mphuno, ine masiku ena ndimati ndi wa kumanja.

Munthu yekhayo amene akanaloza ndi chala n'kunena kuti amayi ako ndi awa, ndinamuimika mapazi ochepa kuchokera pa chitinicho, n'kumuuza kuti ndi ukalamba.