Kachotupa kuseri kwa khutu la amayi

Njere ya nandolo ija tinkaisunga m'kabokosi ka machesi, pamwamba pa chitseko. Anaisankha ndi adokotala a pachipatala cha esiteti imene amayi ankathyolako tiyi, tsiku limene anajambula amayi ndi foni: mphuno, khosi, msana, kachotupa kalikonse ataika lula pambali. Matendawa ndi akumtundu kwathu. Agogo aamuna anapita nawo mphuno itadyeka, amalume nawonso nkhope yawo inali zipsera zokhazokha. Adokotala anati tina mwa tizotupa timeneti timasanduka khansa, ndipo ka kuseri kwa khutu sanakakonde. "Kakaposa njere iyi musadikire tsiku lojambulanso. Mubwere tikutumizeni ku Blantyre."

Munthu sadziona kuseri kwa khutu, ndiye ntchito inagwera ine, mtsikana wa sitandade 4.

Inali nyengo ya mvula, tiyi ataphuka moti akapitawo sankamva za odwala. Wojomba nthawi yaitali ankapeza dengu lake lili pamsana pa wina, nyumba ya esiteti ya kumalaini n'kupitira limodzi ndi dengulo. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, amayi ankakhala pakhonde n'kumasula duku. Ndinkapinda khutu lawo lonunkhira sopo, n'kugunditsa njere. Kachotupako kanali konyezimira, pakati pali nkhanambo. Ndinkaopa kuti kakula, koma ndinkaopa kwambiri kukhala ine wonena.

Mu Febuluwale kanayamba kusuzumira m'mbali mwa njere. Ndinanena. Amalume, amene anabwera panjinga kuchokera ku Luchenza, anati, "Achemwali, pitani. Tiyi adzaphukanso." Amayi anangomanga duku. "Mvula ithe kaye, achimwene. Anawa agona kuti?"

Lamlungu lotsatira njere inaphimba kachotupa konse, malo n'kutsala. Ndinathamangira kumpopi kukauza aliyense kuti amayi akuchira. Ndikakumbukira chimwemwe chimenecho mtima umandipsa mpaka lero, ngakhale sindidziwa woti ndimukwiyire.

Mvula itatha amayi anakajambulidwanso. Adokotala anayang'ana chithunzi chakale, n'kuyang'ana chatsopano, kenako anandiuza kuti ndikadikire panja. Ku Blantyre amayi anabwerako alibe khutu, duku atalitsitsa mbali imodzi.

Zala zanga zinkamva ndithu kuti masabata amenewo njereyo inali yozizira, yofewa, khungu lake lotupa. Ndinkangoti ndi chinyontho cha dzinja. Zoti mayi angaviike njere m'madzi Loweruka lililonse kuti ana ake asatulutsidwe m'nyumba, mutu wanga wa sitandade 4 sukanazimvetsa.