Masoketi Awiri a Apongozi

Jeke yodindira fodya ya apongozi itathyoka, ndinabwereka makina owotcherera zitsulo. Makinawo ankafuna magetsi amphamvu kuposa a m'nyumba, koma ine, mkamwini wofuna kutamandidwa, ndinati njira ndikuidziwa. Ndinalumikiza mawaya a masoketi awiri, poganiza kuti akokera limodzi ngati ng'ombe ziwiri pangolo.

Kunangomveka kuti phu, nyumba yonse n'kununkha pulasitiki wopsa.

"Magetsi azima, bambo," ndinanama. "Mukuwadziwa mmene amachitira."

Apongozi anasuzumira pawindo. Babu la pakhonde la aneba linkayakabe, masanasana.

Sananditsutse. Anangoti, "Bwanji mukaphunzire zamagetsi ku Boma? Mtima wake muli nawo."

Uno ndi mwezi wachitatu ndikuphunzira. Masoketi oyamba kuwakonza anali awo aja.